Phiri Lopanda Mudzi M'tsinde Mwake: Mafunso a Okwera Mapiri a ku Toronto

Munthu wokulira ku Blantyre sasowa polozera: Ndirande uku, Soche uku, Michiru uko. Akafika ku Toronto maso amasowa pogwira. Kum'mwera kuli nyanja ya Ontario, kwina konseko ndi nyumba ndi misewu mpaka pamene maso alekezera. Koma mapiri alipo, kungoti anabisala kumpoto, ndipo ena mwa iwo mukhoza kuwayenda kuyambira m'mawa mpaka madzulo osakumana ndi munthu. Mmalawi wa ku Scarborough, Brampton kapena Mississauga akamva zimenezi, mafunso ake amakhala awa.

Kodi kufupi ndi Toronto kulidi phiri loti munthu n'kulitchula phiri?

Tikayeza ndi muyezo wa kwathu, ayi. Malo okwera kwambiri m'chigawo chonse cha Ontario ndi Ishpatina Ridge, mamita 693 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Sapitwa ndi mamita 3,002. Mayi wogulitsa tomato mumsika wa Lilongwe wakhala pamalo okwera kuposa nsonga ya Ishpatina, pakuti mzinda wa Lilongwe uli pa mamita opitirira 1,000.

Chinafupikitsa mapiri akuno ndi ukalamba. Thanthwe la kumpoto kwa Toronto, lomwe amalitcha Canadian Shield, ndi tsinde la mapiri amene anakhalapo zaka zoposa biliyoni imodzi zapitazo, ndipo mvula ndi mphepo zinawadya mpaka kutsala mizu. Kenako kunabwera madzi oundana ochindikala kwambiri amene anakuta dziko lonseli, nalipala, nachoka zaka pafupifupi 12,000 zapitazo. Anakokolola dothi, nasiya matanthwe osalala ndi maenje osawerengeka. Maenjewo ndiwo nyanja za lero. Ontario ili nazo pafupifupi 250,000.

Malo okwera amene mungawafike kuchokera ku Toronto ali mitundu iwiri. Kumadzulo kuli phompho lalitali la Niagara Escarpment, komwe kuli Rattlesnake Point ndi Mount Nemo pafupi ndi Milton, komanso Mono Cliffs kupitirira Orangeville. N'kokongola, koma Loweruka la mu Okutobala anthu amachita kupanikizana pa malo oonera. Kumpoto chakum'mawa kuli Haliburton Highlands, dziko la zitunda, nyanja ndi madambo. Wofuna phiri la yekha apite kumeneko.

Ndiye phiri lake ndi liti?

Limene ndingaloze ndi Scrabble Mountain, m'nkhalango yotetezedwa ya Queen Elizabeth II Wildlands Provincial Park. Nkhalangoyi ili pakati pa matauni a Gravenhurst ndi Minden, ndi yaikulu mahekitala oposa 33,000, ndipo inapatsidwa dzina limeneli mu 2002 pamene mfumukazi ya ku Britain inadzacheza ku Canada. Kuchokera ku Toronto mumatsata msewu wa Highway 35 kudzera ku Lindsay, Coboconk ndi Norland, n'kupatuka musanafike ku Minden kulowera ku nyanja yotchedwa Devil's Lake. Ndi ulendo wa maola awiri ndi theka kapena atatu pa galimoto.

Pa Devil's Lake mumalowa m'njira ya Ganaraska Trail. Njira imeneyi ndi ya makilomita pafupifupi 500, imayambira ku Port Hope m'mphepete mwa nyanja ya Ontario n'kukalumikizana ndi njira ina yotchedwa Bruce Trail, ndipo amaisamalira ndi anthu ongodzipereka. Chigawo chake chodutsa m'nkhalango imeneyi ndicho chovuta kuposa zonse, moti eni ake amachenjeza kuti si cha ongoyamba kumene. Kupita ku Scrabble ndi kubwerako ndi ntchito ya tsiku lathunthu kwa munthu wamphamvu. Ambiri amasenza tenti n'kugona m'mbali mwa nyanja monga Sheldon Lake.

Phiri lenilenilo musaliyembekezere kuti lidzatulukira patsogolo panu ngati Chambe. Ndi chitunda cha thanthwe, chokhala ndi mitengo yaifupi ya paini ndi ya oak, ndipo mukafika pamwamba chimene mumaona ndi nkhalango ndi madzi mbali zonse, popanda utsi wa mudzi, popanda munda. Thanthwe lili pamtunda chonchi chifukwa odula matabwa anamaliza paini wamkulu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kenako moto wolusa unapsereza zotsala pamodzi ndi dothi lochepa limene linalipo. Patha zaka zoposa 100, koma nthaka sinabwererebe mokwanira.

Ngati ndi chitunda chabe, chovuta n'chiyani? Ife tinakwera Mulanje.

Ili ndi funso limene limapweteketsa anthu. Pa Mulanje chimene chimakulemetsani ndi chikweza: ntchafu zimawotcha, mpweya umachepa. Koma phiri lija lili ndi anthu. Pa Likhubula mumapeza wokulondolerani njira ndi wokusenzerani katundu. Pa Chambe, Lichenya, Thuchila kapena Chisepo pali nyumba, pali mlonda amene amakoleza moto ndi kutunga madzi. Mukasochera, posachedwa mukumana ndi wina wosenza nkhuni kapena matabwa. Mukatsika njira yolakwika, m'tsinde muli mudzi, ndipo m'mudzi simusowa wokupatsani madzi ndi kukulozerani msewu.

Ku Scrabble zonsezi kulibe. Nkhalangoyi ndi imodzi mwa zimene boma la Ontario linazipatula koma silinaikemo ofesi ya pa chipata, sitolo, mpopi kapena nyumba yogona. Mukaphonya njira, kutsika sikukufikitsani kwa anthu. Kumakufikitsani ku dambo.

Ndipo madambo ake si a kwathu aja ouma m'chilimwe. Kuno kuli kanyama kotchedwa beaver, kamene kamadula mitengo ndi mano n'kutseka mitsinje ndi timitengo ndi matope. M'malo angapo njira ya Ganaraska imadutsa pamwamba penipeni pa madamu a kanyamaka, chifukwa palibe pena powolokera. Mumayenda pa mulu wa timitengo toterera, chikwama kumsana, madzi kumanja, matope kumanzere. Chaka china damu limakula n'kumiza njira, chaka china limaphulika. Walira mvula walira matope: wofuna malo opanda anthu avomerenso kuti kulibe womumangira mlatho.

Chinanso ndi kukwera ndi kutsika kosatha. Zitunda za kumeneko zinandandalikana ngati mizere ya m'munda, ndipo njira imazidula mopingasa. Mumakwera mamita makumi awiri, kutsika, kuwoloka chithaphwi, kukweranso, mpaka dzuwa kupendeka. Pa msewu munthu amayenda makilomita asanu pa ola. Kumeneko awiri kapena atatu ndiye mwayenda bwino. Werengerani nthawi yanu pa liwiro limenelo, ndipo musananyamuke gwirizanani ola lobwerera, kaya mwafika pamwamba kaya ayi.

Kodi palibe woti n'kumulipira kuti atilondolere?

Pa Devil's Lake simudzapeza anyamata akudikira alendo. Chimene chilipo ndi magulu a oyenda m'thengo. Bungwe la Ganaraska Hiking Trail Association lili ndi nthambi yoyang'anira chigawo chimenechi ndipo limakonza maulendo okhala ndi mtsogoleri. Toronto Bruce Trail Club nayo imakonza maulendo pafupifupi sabata iliyonse kumbali ya Niagara Escarpment, ena a pa basi. Ulendo woyamba pitani ndi anthu otere. Kumeneko mudzaphunzira kuwerenga zizindikiro, ndipo mudzaona zimene odziwa amanyamula ndi zimene amasiya kunyumba.

Nanga njira timaidziwa bwanji?

Ndi penti. Njira yaikulu imakhala ndi timizere toyera topakidwa pa mitengo ndi pa miyala. Njira zapambali zimakhala ndi ta buluu. Timizere tiwiri pamodzi tikutanthauza kuti njira ikukhota. Pa thanthwe lopanda mitengo amaunjika miyala. Lamulo lake n'losavuta: mukayenda mphindi zingapo osaona chizindikiro, imani, bwererani pa chomaliza chimene munachiona. Musapitirire poganiza kuti mukumana nayo kutsogolo. M'nkhalango imeneyi mulinso tinjira ta nyama ndi ta njinga zamoto za matayala anayi, tomwe timaoneka ngati njira yeniyeni kuposa njira yeniyeniyo.

Netiweki ya foni imapezeka mwa apo ndi apo, kawirikawiri pamwamba pa chitunda, ndipo m'zigwa imasowa. Koperani mapu mu foni muli kunyumba, nyamulani batire lapadera, komanso mapu a pepala ndi kampasi. Kuzizira kumamaliza batire msanga kuposa mmene mukuganizira.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza munthu wa kwathu. Ku Malawi miyezi yambiri dzuwa la masana limapendekera kumpoto. Ku Ontario masana limakhala kum'mwera chaka chonse. Amene anazolowera kuyenda poyang'ana dzuwa akhoza kutembenuka osadziwa. Chachiwiri, muvi wa kampasi m'dera lino umaloza madigiri pafupifupi 10 kumadzulo kwa kumpoto kwenikweni kwa pa mapu. Pa mtunda wa kilomita imodzi kusiyana kumeneku kumakutayani mamita oposa 150, ndipo m'nkhalango yowirira mamita amenewo ndi okwana kuphonya nyanja yathunthu.

Nyengo yabwino ndi iti?

Seputembala mpaka pakati pa Okutobala. Tizilombo touluka timakhala titatha, madambo ataphwerako, masamba akufiira.

Kuyambira pakati pa Meyi mpaka kumapeto kwa Juni musayese, pokhapokha ngati mukufuna kulapa machimo. Imeneyo ndi nyengo ya tintchentche takuda totchedwa blackfly, timene timalowa m'makutu, m'khosi ndi kuseri kwa chipewa n'kuluma mpaka magazi. Tikamatha, udzudzu umakhala utafika, ndipo mu Julayi pamabwera ntchentche zazikulu zoluma pamutu. Udzudzu wakuno supatsa malungo, koma kuchuluka kwake kumadabwitsa ngakhale munthu wa ku Nsanje.

Yang'aniraninso kutalika kwa tsiku. Kwathu dzuwa limalowa cha m'ma 5 kapena 6 koloko chaka chonse, kusiyana kwake n'kochepa. Kuno kumapeto kwa Juni limalowa cha m'ma 9 usiku, koma mu Disembala 5 koloko isanakwane kwada kale. Lamlungu loyamba la Novembala mawotchi amabwezedwa ola limodzi, ndipo mdima umafika msanga mwadzidzidzi. Tochi ya pamutu ikhale m'chikwama ngakhale mukuti mubwera masana.

Novembala alinso ndi alenje. Nyengo yosaka agwape ndi mfuti imayamba Lolemba loyamba la mweziwo m'madera ambiri a kumeneko, ndipo ya nyama yaikulu yotchedwa moose imakhala mu Okutobala. Valani chipewa kapena chovala cha mtundu wa lalanje wowala kuti muoneke patali.

Za m'nyengo ya chipale chofewa tisakambe zambiri. Imeneyo ndi sukulu ina. Koma dziwani kuti kuzizira kumene kumagwira anthu ambiri si kwa mu Januwale ayi. Ndi kwa tsiku la mvula mu Okutobala, madigiri asanu, munthu atanyowa thukuta mkati ndi mvula kunja. Amene anagwidwapo ndi chiperoni pa Mulanje akudziwa. Jinzi ndi malaya a thonje zikanyowa siziuma, zimakuyamwani kutentha. Valani zaubweya kapena za nayiloni, zingapo zopyapyala m'malo mwa chimodzi chochindikala, ndi jekete la mvula pamwamba.

Zilombo bwanji? Timamva za zimbalangondo.

Zilipo, zakuda, ndipo mu Julayi ndi Ogasiti zimakonda matanthwe omwewo chifukwa pamamera tizipatso ta blueberry. Nthawi zambiri zikamva anthu zimathawa musanazione. Muzicheza mokweza poyenda. Mukakumana nacho, musathamange ndipo musakwere mu mtengo, pakuti chimathamanga ndi kukwera kuposa inu. Imani pamodzi, lankhulani mwamphamvu, bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono mukuchiyang'ana, ndipo chisiyireni pothawira. Mankhwala opopera a tsabola opangidwira zimbalangondo amagulitsidwa m'masitolo a katundu wa m'thengo, ndipo ayenera kukhala pa lamba, osati pansi pa chikwama. Mukagona, chakudya chonse, sopo ndi mankhwala otsukira mano zipachikidwe m'mwamba pa nthambi kutali ndi tenti. Usipa ndi chambiko m'tenti ndi kalata yoitanira mlendo.

Njoka zisakudetseni nkhawa kwambiri. Ontario ili ndi njoka imodzi yokha ya ululu, massasauga, yaifupi ndi yamanyazi, yopezeka makamaka cha ku Georgian Bay ndi Bruce Peninsula. Ndi yotetezedwa ndi lamulo, choncho mwambo wathu wothamangira ndodo uyenera kutsala ku Chileka. Pa matanthwe a nkhalangoyi pamakhalanso buluzi wa mizere isanu, buluzi yekhayo wa m'chigawo chonse cha Ontario, amene ana ake ali ndi mchira wa buluu.

Choopsa chenicheni n'chaching'ono kuposa njere ya chitowe: nkhupakupa ya miyendo yakuda, imene imafalitsa matenda a Lyme. Yafalikira kum'mwera kwa Ontario, ngakhale m'chigwa cha Rouge mu Toronto momwemo. Kawirikawiri imafunika kukhala pa thupi tsiku lathunthu kapena kupitirira kuti ipatsire matenda, ndiye mukafika kunyumba vulani n'kudziyang'ana paliponse: m'khwapa, kuseri kwa mawondo, m'chiuno, m'mutu. Mukaipeza, izuleni ndi kachitsulo kopanira mutaigwira pafupi ndi khungu. Musaiotche ndi machesi. Kuyambira mu 2023 ogulitsa mankhwala m'mafamase a ku Ontario amaloledwa kupereka mankhwala oteteza ku matendawa munthu akalumidwa, bola apite msanga. Mabuku a zaumoyo amanena za chizindikiro chofiira chozungulira pa khungu, koma pa khungu lakuda ngati lathu chimaoneka ngati pongoderapo kapena sichioneka n'komwe. Mukamva kuphwanya m'thupi ndi kutentha patapita masiku mutabwera ku thengo, muuzeni dokotala kumene munali, asamangofufuza malungo poti ndinu wa ku Africa.

Kachitsamba ka poison ivy, ka masamba atatuatatu, kamatulutsa matuza oyabwa. Kaphunzireni pa chithunzi musananyamuke.

Pamafunika chilolezo? Nanga tingadutse paliponse?

Malamulo a malo oimika galimoto ndi ogona amasinthasintha, choncho funsani a Ontario Parks musanapite. M'mapaki otchuka monga Mono Cliffs chiphaso cha galimoto mumagula pa intaneti, ndipo chimayamba kugulitsidwa kutatsala masiku asanu. Ku Rattlesnake Point ndi Mount Nemo mukhoza kusungitsiratu malo kwa a Conservation Halton.

Kwathu njira yodutsa m'munda mwa munthu ndi ya aliyense, bola kupereka moni. Kuno ayi. M'mphepete mwa nkhalangoyi muli malo a eni ndi tinyumba ta m'mbali mwa nyanja. Kadontho kofiira kozungulira kopakidwa pa mtengo kapena pa mzati ndi chizindikiro cha lamulo chonena kuti musalowe. Mbali zina za Ganaraska ndi Bruce Trail zimadutsa pa malo a anthu mwa chifundo chawo chabe, ndipo oyenda akapatuka panjira kapena kusiya zinyalala, mwini malo amatseka.

Pa malo a boma osakhala paki, nzika ya Canada kapena munthu amene wakhala m'dzikoli miyezi isanu ndi iwiri pa miyezi 12 yapitayo akhoza kumanga tenti kwaulere mpaka masiku 21 pa malo amodzi. M'paki ya boma saloleza kudula mtengo wamoyo kapena kuzula zomera. Bowa mukamuona, ngakhale afanane bwanji ndi wa kwathu, musiyeni: lamulo likukana, ndipo ena mwa bowa woyera wa kuno amapha.

Tilibe galimoto. Zitheka?

Ku Devil's Lake kulibe basi. Bwerekani galimoto musonkherane mafuta. Kampani ya Parkbus imanyamula anthu kuchokera mu Toronto kupita ku Algonquin, Killarney ndi Bruce Peninsula m'nyengo yotentha, ndipo ku Killarney kuli Silver Peak, phiri la miyala yoyera la mamita oposa 500. Pobwerera usiku m'misewu ya kumpoto chepetsani liwiro. Moose ndi wamtali kuposa ng'ombe, ndipo akagundidwa amagwera pa galasi la kutsogolo.

Madzi ndi chakudya?

Madzi ndi ochuluka, koma musamwe osaphitsa kapena kusefa, ngakhale aoneke oyera bwanji. Mumakhala kachilombo ka giardia kotsegula m'mimba kwa masabata. Kamba wabwino ndi wa kwathu yemwe: mtedza wokazinga, mbatata yophika, mazira, buledi, tiyi wa mu fulasiki. Ogona aphikire pa kambaula ka gasi. Nyengo ya moto wolusa ku Ontario imawerengedwa kuyambira pa 1 Epulo mpaka pa 31 Okutobala, ndipo kukauma boma limaletseratu kusonkha moto. Pa thanthwe la dothi lochepa chonchija, moto umalowa pansi m'mizu n'kudzayaka inu mutapita kale. Zinyalala zonse zibwerere m'chikwama. Ku Algonquin ndi Killarney zitini ndi mabotolo a galasi saloleza n'komwe m'kati mwa thengo.

Wina akathyoka mwendo titani?

Nambala ndi 911, ndipo osaka otayika m'madera amenewa ndi apolisi a Ontario Provincial Police. Vuto ndi kuwapeza. Mafoni a iPhone kuyambira pa 14 amatha kutumiza uthenga wa ngozi kudzera pa setilaiti kopanda netiweki, ndipo timakina monga Garmin inReach timachita chimodzimodzi. Koma chida chotsika mtengo kuposa zonse ndi m'bale wotsala ku Toronto amene mwamulembera dzina la njira, nambala ya galimoto, ndi ola limene akapanda kumva kwa inu aimbe foni kupolisi. Musangomuuza kuti mwapita "kumpoto". Pitani atatu kapena anayi, kuti wina atsale ndi wovulala pamene ena akukwera chitunda kukasaka netiweki. Alendo ongodzacheza, amene alibe khadi la chipatala la boma la Ontario lotchedwa OHIP, aonetsetse kuti inshulansi yawo ikugwira ntchito. Chipatala cha kuno kwa wopanda khadi mtengo wake ndi woopsa.

Tikamaliza Scrabble, tingakayese Ishpatina?

Mungathe, koma umenewo ndi ulendo wa masiku. Ishpatina ili mu Lady Evelyn-Smoothwater Provincial Park, m'dera la Temagami, kumpoto kwa Sudbury, ndipo Sudbury yokhayo ili makilomita pafupifupi 400 kuchokera ku Toronto. N'kobisika moti mpaka m'zaka za m'ma 1970, pamene boma linajambula mapu atsopano, anthu sankadziwa kuti ndiye malo okwera kwambiri mu Ontario. Njira yakale ndi ya pa bwato, kupalasa ndi kusenza bwatolo pamutu kuchoka nyanja ina kupita ina mpaka ku Scarecrow Lake, pomwe kanjira kokwera kamayambira. Ena amadzera ku Capreol m'misewu ya fumbi ya magalimoto onyamula mitengo, n'kuwoloka mtsinje wa Sturgeon ndi miyendo. Pamwamba pali nsanja yachitsulo imene alonda a moto ankakhalapo ndege zisanawalande ntchito. Ndi yakale ndipo palibe akuisamalira. Ijambuleni muli pansi.

Musanapite kumeneko dziwani kuti dziko limene mapu akulionetsa ngati lopanda anthu lili ndi eni ake. Temagami ndi kwawo kwa a Teme-Augama Anishnabai. Phiri la Maple Mountain, m'paki yomweyo, ndi lopatulika kwa iwo, malo a mizimu ya makolo, zimene munthu wa m'tsinde mwa Sapitwa sangafune kuti wina amumasulire. Boma la Ontario litaganiza zomangapo malo a alendo, iwo anakaika chiletso pa malowo mu 1973, ndipo ntchitoyo sinachitike. Mu 1989 anthu anatseka msewu wa odula mitengo wa Red Squirrel Road poteteza paini wakale wa m'deralo, ndipo mmodzi mwa omangidwa anali Bob Rae, amene chaka chotsatira anakhala nduna yaikulu ya Ontario. Dera la Scrabble nalonso ndi la a Anishinaabe amene anapangana ndi boma za malo m'mapangano a Williams a mu 1923, ndipo a Chippewas of Rama amakhala pafupi ndi Orillia, kum'mwera chakumadzulo kwa nkhalangoyi. Mukapeza zithunzi zofiira zojambulidwa pa thanthwe m'mbali mwa nyanja za Temagami, kapena fodya wosiyidwa pa mwala, musakhudze.